M'MENE AKATSWIRI AMAYESERA SELENIUM M'CHIMANGA

Mlimi wa ku Nachisaka akayang'ana m'nkhokwe amadziwa msanga ngati chimanga chake chafumbwa kapena chaola. Koma m'kati mwa njere muli zinthu zina zimene maso sangathe kuona. Chimodzi mwa izo ndicho selenium, mtundu wa mchere wa m'nthaka umene mizu imayamwa pamodzi ndi madzi.

Munthu wamkulu afunika mamaikulogramu monga 55 a mcherewu pa tsiku. Maikulogramu imodzi ndiyo gawo limodzi la gramu yogawidwa magawo 1,000,000. Ngakhale uli wochepa chotere, umathandiza thupi kulimbana ndi matenda. Ku Keshan, m'dziko la China, kumene nthaka ndi yosowa mcherewu, ana ndi amai ambiri anadwala nthenda ya mtima.

Kodi chinthu chaching'ono chotere amachiyesa bwanji? Poyamba akatswiri amaumitsa chimanga ndi kuchipera. Kenaka amatapako ufa wosakwana theka la gramu, nauika m'kabotolo pamodzi ndi asidi waukali wochedwa nitric, nautenthetsa kufikira ufa wonse utasungunuka. Madzi amenewa amawapopera m'makina ochedwa ICP-MS, m'mene muli lawi la mpweya wa argon lotentha kuposa madigiri 6,000. M'lawimo zinthu zonse zimagawanika, ndipo makina amazisiyanitsa monga mwa kulemera kwake, nawerenga selenium payekha. Pofuna kutsimikiza kuti makina sakunama, amayesanso ufa wina umene muyeso wake udziwika kale, monga munthu amayesera sikelo ya pamsika ndi paketi ya shuga.

Selenium amakhala m'chakudya m'mitundu ingapo. M'mbeu zonga chimanga ndi tirigu wambiri amakhala wa mtundu wochedwa selenomethionine, umene thupi limaulandira bwino. Asidi waukali amaononga mitunduyi, choncho pofuna kuizindikira amasungunula ufa ndi mankhwala ofatsa, onga amene amagaya chakudya m'mimba. Madziwo amawapyoletsa m'kampope kodzaza timchenga tosalala, m'mene mtundu uli wonse umayenda pa liwiro lake, nufika m'makina pa nthawi yake.

M'chaka cha 2011 Dr. Allan Chilimba, wa ku Unduna wa Malimidwe, pamodzi ndi anzake a pa Yunivesite ya Nottingham ku England, anafalitsa zimene anapeza atayesa chimanga ndi dothi za m'malo 88 a m'Malawi. Chimanga cha m'malo ambiri chinali ndi selenium wochepa, koma cha m'dothi lakuda la makande, longa la ku Chigwa cha Shire, chinaposa chinzake kufikira kakhumi. Chifukwa chake n'chakuti dothi lowawasa limagwira mcherewu zolimba kotero kuti mizu imalephera kuuyamwa.

M'chaka cha 2019 amai ndi ana a sukulu a kwa Wimbe, m'boma la Kasungu, anapatsidwa ufa wa chimanga cholimidwa ku Bunda chimene chinathiridwa selenium chiri m'munda. Patapita masabata 8, selenium wa m'magazi a amaiwo anachuluka pafupifupi kawiri. Dziko la Finland linayamba kale kuthira mcherewu m'feteleza m'chaka cha 1984.

Tsono anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi adziwe kuti kukhuta nsima sindiko kupeza zonse zimene thupi lifuna. Usipa, matemba, mazira ndi nyama ziri ndi selenium woposa wa m'ufa, ndipo ziyenera kupezeka pa ndiwo kawirikawiri, maka-maka za ana ndi amai apakati. Munthu asamwe mankhwala a selenium popanda uphungu wa ku chipatala, pakuti akachuluka m'thupi amasanduka poizoni. Ndipo alangizi akadza kudzapempha chimanga cha pa dzanja ndi dothi pang'ono kuti zikayesedwe, mafumu ndi aphunzitsi afotokozere anthu cholinga chake kuti pasakhale mantha.