KAPITAWO WA M'KATI MWA KOMPYUTA: M'MENE AMAMUPHUNZIRIRA KU YUNIVESITE

Wolemba Mtolankhani Wathu

Mwa maphunziro onse a za kompyuta amene amaphunzitsidwa ku yunivesite, alipo amodzi amene amatchuka ndi kuvuta kwake, ndiwo a operating system. Owerenga athu, makamaka aphunzitsi ndi alembi a m'maofesi a Boma, amagwira ntchito ndi Windows kapena Android masiku onse, koma kapena sanafunsepo kuti ntchito ya zinthuzi nchiyani, ndiponso kuti munthu amaziphunzira motani. Mbiri ya maphunzirowa isonyeza kuti wophunzira sadziwa operating system pakungomva za iyo m'kalasi ayi, koma pakuiwerenga mzere ndi mzere ndi kuikonza ndi manja ake.

NTCHITO YA KAPITAWO

Operating system ndiyo pulogalamu yaikulu yolamulira mapulogalamu ena onse. Tingaiyerekeze ndi kapitawo wokhala ndi antchito ambiri koma makasu owerengeka. Khasu lake ndi processor, mbali ija ya kompyuta imene imachita masamu. Kapitawoyo amabwereka khasu kwa pulogalamu imodzi kanthawi kosakwana sekondi, nalilanda, nalipereka kwa inzake, ndipo amachita zimenezi mofulumira kotero kuti munthu amayesa kuti onse alikulima nthawi imodzi. Iye yemweyo amagawa malo mu memory, m'mene pulogalamu imasunga zimene ilikugwiritsa ntchito, naletsa wina kudumpha malire ndi kulowa m'munda mwa mnzake. Amasunganso mafayilo ndi kuyang'anira zipangizo monga pulinta.

Chovuta chachikulu chimabuka pamene antchito awiri afuna chinthu chimodzi. Mu 1965 Edsger Dijkstra wa ku Eindhoven, m'dziko la Netherlands, anapatsa ophunzira ake funso la mayeso limene pambuyo pake Tony Hoare analiika m'fanizo la anzeru asanu. Anthu asanu akhala mozungulira tebulo, pakati pa awiri alionse pali foloko imodzi, ndipo aliyense sangadye popanda mafoloko awiri. Onse akatola foloko ya kumanzere nthawi imodzi, aliyense adzadikira ya kumanja imene ili m'dzanja la mnzake, ndipo palibe adzadya. Umu ndi m'mene kompyuta imaumira, ndipo wophunzira amafunsidwa kupeza lamulo loti onse adye popanda wina kugona ndi njala.

BUKU LIMENE LINALETSEDWA

Fanizo lotere limathandiza, koma silikwana. Mphunzitsi mmodzi amene anazindikira zimenezi ndi Bambo John Lions a ku University of New South Wales, mumzinda wa Sydney ku Australia. Pa nthawiyo panali operating system yotchedwa Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anaiyamba mu 1969 ku Bell Labs, nthambi yofufuza ya kampani ya matelefoni ya AT&T ku America. Kampaniyo inkalola mayunivesite kuilandira pamtengo wochepa pamodzi ndi malembo ake onse. Mtima wa Unix yachisanu ndi chimodzi, imene inatuluka mu 1975, unali ndi mizere yosakwana 10,000, yoti munthu mmodzi nkuimaliza kuwerenga. Chotero a Lions anakonzera ophunzira awo mabuku awiri amene anasindikizidwa mu 1977: lina la malembo a Unix, lina lomasulira chimene ndime iliyonse ichita.

Koma pamene Unix yachisanu ndi chiwiri inatuluka mu 1979, eni ake, ataona kuti muli malonda, analetsa kuphunzitsa malembo ake m'kalasi. Ophunzira m'maiko ambiri anayamba kujambula mabuku a a Lions pamakina ndi kupatsirana mobisa, ndipo mabukuwo sanaloledwe kugulitsidwa poyera kufikira 1996.

NJIRA YA KU AMSTERDAM

Lamulo lija linasautsa aphunzitsi, pakuti anatsala ndi mafanizo okha. Pulofesa Andrew Tanenbaum a ku Vrije Universiteit mumzinda wa Amsterdam anaganiza zolemba operating system yawoyawo, yogwira ntchito monga Unix koma yopanda mzere ndi umodzi womwe wa AT&T. Anaitcha MINIX, ndipo inatuluka mu 1987 pamodzi ndi buku lawo lotchedwa Operating Systems: Design and Implementation, m'mene anasindikizamo mizere ya pulogalamuyo pafupifupi 12,000. Popeza MINIX inkayenda pa kompyuta yaing'ono ya mtundu wa IBM PC, wophunzira ankatha kuisintha, kuiwononga ndi kuikonzanso ali kunyumba.

Bukuli linafika m'manja mwa mnyamata wina wa ku University of Helsinki m'dziko la Finland, dzina lake Linus Torvalds, amene mu 1990 analowa kalasi ya Unix. Mu Januwale 1991 anagula kompyuta naikamo MINIX, ndipo ataona kuti siikumukwanira, anayamba kulemba yake. Pa 25 Ogasiti 1991 analengeza za ntchitoyo, ndipo mu Seputembala anatulutsa Linux yoyamba, ya mizere pafupifupi 10,000. Mu 1992 anaiika pansi pa chilolezo chotchedwa GPL, cholola munthu aliyense kuiwerenga, kuisintha ndi kugawira anzake. Lero mafoni onse a Android ali ndi Linux m'kati mwake, ndiye kuti mphunzitsi wolandira uthenga wa malipiro ake pafoni yotere alikudya zipatso za kalasi ija ya ku Helsinki.

CHIFUKWA CHAKE AMASANKHA YAING'ONO

Wina angafunse kuti, nanga bwanji ophunzira a masiku ano osangowerenga Linux yomweyo? Yankho nlakuti inakula kwambiri, kufikira mizere yoposa 30 miliyoni, imene palibe munthu angaimalize. Nchifukwa chake mu 2006 aphunzitsi a ku Massachusetts Institute of Technology, a Frans Kaashoek, a Robert Morris ndi a Russ Cox, anabwerera ku Unix yomwe ija a Lions ankaphunzitsa, nailembanso kuti iyende pa makina atsopano. Anaitcha xv6. Wophunzira amapatsidwa xv6 nauzidwa kuti awonjezemo mbali zina, monga njira yatsopano yogawira memory. Akalakwitsa mzere umodzi kompyuta yonse imaima, kawirikawiri osamuuza pamene palakwika, ndipo amafufuza yekha, nthawi zina masiku angapo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono iwo amene amakonza maphunziro a ukachenjede ayenera kulingalira nkhaniyi mofatsa. Wophunzira woloweza mayina a mbali za operating system angakhoze mayeso, koma tsiku limene makina a m'chipatala kapena a ku ofesi ya misonkho adzaima, wofunika adzakhala uja amene anatsekulapo pulogalamu yotere naona m'mene imayendera. Mtengo wake suli woopsa, pakuti xv6, MINIX ndi Linux zonse zimapezeka mwaulere. Zofunika ndi kompyuta, mphunzitsi wodziwa ntchito yake, ndi nthawi yokwanira yoti wophunzira alakwitse ndi kukonza.