Khoma lobiriwira la mavidiyo: penti wotchipa akwanira, bola kamera ivomereze

Woulutsa zanyengo pa kanema akamaloza pa mapu komwe kugwe mvula, nthawi zambiri kumbuyo kwake kumakhala kulibe mapu. Kumangokhala khoma lobiriwira, ndipo kompyuta imachotsa mtunduwo n'kuikapo chithunzi china. Luso limeneli, lotchedwa chroma key, ndi lakale ndithu. Larry Butler analigwiritsa ntchito ndi mtundu wa buluu mu filimu ya The Thief of Bagdad mu 1940, mpaka analandira nalo mphotho ya Oscar. Lero mapulogalamu ngati OBS Studio, CapCut ndi DaVinci Resolve alifikitsa kwa oimba, makwaya ndi aphunzitsi omwe amajambula ndi foni.

Pomwe ambiri amakakamira ndi pa khomalo. Penti wopangidwira ntchitoyi, ngati wa kampani ya Rosco, ndi wodula, ndipo kumuitanitsa kunja kumaonjezera mtengo. Koma penti wamba wa m'nyumba amagwira bwino lomwe, munthu akadziwa chomwe kamera ikufuna.

Makamera ambiri, kuphatikizapo a m'mafoni, amaona mitundu kudzera m'kasefa komwe anakapanga Bryce Bayer wa ku Kodak m'zaka za m'ma 1970. Pa timadontho tinayi tilitonse tolandira kuwala, tiwiri ndi ta mtundu wobiriwira, kamodzi kofiira, kamodzi ka buluu. N'chifukwa chake chobiriwira chimatuluka chooneka bwino, chopanda mchenga wambiri pachithunzi. Chifukwa china n'chakuti khungu la munthu, wakuda kaya woyera, limapendekera ku mtundu wofiira ndi wachikasu, kutali ndi kubiriwira. Kompyuta ikamafufuta khoma, nkhope imatsala.

Mtundu womwe ojambula ambiri amautsata ndi Pantone 354 C, womwe pa kompyuta umalembedwa kuti wofiira 0, wobiriwira 177, wa buluu 64. Manambalawa ndi poyambira chabe. Foni imatulutsa kuwala kwake pomwe khoma limangobweza kuwala komwe lalandira, ndiye kuonetsa wogulitsa chithunzi cha pafoni n'kunena kuti “ndisakanizireni ngati uyu” kumasokeretsa. Ndi bwino kupita kusitolo yomwe ili ndi makina osakanizira penti, n'kusankha pa makadi awo. Funani wobiriwira wowala, wokhuta mtundu. Wotuwa, wonkera ku mtundu wa yunifolomu ya asilikali, musiyeni. Wonkera ku chikasu ndiye woipitsitsa, chifukwa amayandikira khungu, ndipo pochotsa khoma kompyuta imadya makutu ndi masaya.

Apa pali sayansi ina yomwe ambiri saiganizira. Mitundu iwiri imatha kuoneka yofanana pansi pa nyali za m'sitolo koma n'kusiyana padzuwa kapena pansi pa mababu a LED a kunyumba. Pentinso amasintha maonekedwe akauma. Choncho gulani kachitini kakang'ono kaye, pakani pa thabwa, dikirani liume, kenako lijambuleni ndi kamera yanu, ndi nyali zomwe mudzagwiritse ntchito, munthu ataima kutsogolo. Mukatero yesani kuchotsa mtunduwo mu pulogalamu. Ngati ukuchoka osasiya zigamba, ndi womwewo, ngakhale utasiyana pang'ono ndi manambala aja. Ine ndimaona kuti kuyesa kumeneku n'kofunika kuposa dzina la kampani lomwe lili pachitini.

Penti akhale wosanyezimira, wolembedwa kuti matt. Wonyezimira amabweza nyali ngati galasi, ndipo pamalo pomwe pawalapo kamera imaona kuyera, osati kubiriwira. Khoma likhale losalala, ming'alu yotsekedwa, ndipo ngati pulasitala ndi watsopano, adikire pafupifupi milungu inayi kuti aume. Yambani ndi penti woyera wa pansi, kenako pakani wobiriwirayo kawiri kapena katatu ndi rola. Lita imodzi imakwana mamita a sikweya pafupifupi 10 popaka kamodzi, ndiye khoma la mamita 3 m'litali ndi 2.5 m'mwamba lingafune malita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Mukagula zitini zingapo, zisakanizeni mu ndowa imodzi musanayambe, kuti mtundu usasinthe pakati pa khoma.

Ngakhale penti wodula chotani sangapulumutse khoma lowala mbali imodzi. Ikani nyali ziwiri za mtundu umodzi, ina kumanja ina kumanzere, kuti kuwala kufalikire mofanana. Wojambulidwayo aime pafupifupi mamita awiri kuchoka pa khoma. Akayandikira, mthunzi wake umagwera pakhomapo, ndipo kubiriwira kumabwerera pa tsitsi ndi m'mapewa mwake. Ngati kwaya yanu imavala zobiriwira, pakani buluu.

Pali mbali ina yomwe ndikuiona kuti siyenera kunyalanyazidwa, ndiyo ya thanzi. Penti wina wa oyilo, makamaka wachikasu, wofiira ndi wobiriwira, amapangidwa ndi utoto wokhala ndi mtovu. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi womwe ukudziwika kuti ndi wosaopsa, ndipo ana aang'ono ndi omwe amavulala kwambiri chifukwa umaononga kukula kwa ubongo. Malire a mtovu mu penti omwe mabungwe a United Nations amalimbikitsa ndi magawo 90 pa miliyoni. Situdiyo zambiri zimakhala m'chipinda cha nyumba yogonamo, momwe ana amakwawa n'kumaika manja m'kamwa. Penti wa madzi ndiye wotetezeka kwambiri pankhaniyi, fungo lake ndi lochepa, ndiponso amapezeka mosavuta ali wosanyezimira.

Chisamaliro chachikulu chikhale pa khoma lakale lomwe linapakidwa penti wa oyilo. Osalipala ndi sandipepa lili louma, chifukwa fumbilo ndi lomwe limalowa m'mapapo ndi m'zakudya. Linyowetseni kaye, valani chotchinga pakamwa ndi mphuno, kolopani pansi ndi nsalu yonyowa, ndipo ana ndi amayi oyembekezera asalowe. Mawindo akhale otsegula popaka, mpaka fungo litatheratu.