Yang'anani Lilime la Nkhumba Musanagule

Abale a ku Chunga, chilala cha 2024 chinagulitsitsa mabanja ambiri ziweto. Mukapita ku msika wa Chibolya kukagula nkhumba ina, ikanuleni kukamwa ndi kamtengo, mukoke lilime. Mukaona timatuza toyera tonga mpunga kunsi kwake, timene akum'mawa amati nsembe, isiyeni ngakhale itchipe. Timeneti ndi tiana ta njoka ya m'mimba mwa munthu. Nkhumba imatitenga ikadya chimbudzi cha anthu. Wodya nyamayo isanapse amakhala ndi njokayo, ndipo mazira ake akamezedwa angafike ku ubongo ndi kuyambitsa khunyu.

Matuza ena amabisala m'mnofu, choncho itanani alangizi a ziweto. Mankhwala a oxfendazole amawapha. Nkhumba zigone m'khola, ana asadzithandize kuthengo.