Ukazembe wa pa intaneti: momwe zokambirana za atsogoleri zimafikira pa Muloza

Pa chipata cha Muloza m'boma la Mulanje anthu amawoloka tsiku ndi tsiku kupita ku Milange m'dziko la Mozambique kukagula chimanga, kukaona abale kapena kukalandira chithandizo. Nawo matenda amawoloka chimodzimodzi, osafunsidwa chiphaso. N'chifukwa chake mliri ukabuka, boma limodzi silingauthetse palokha.

Kale, kuti maiko amvane zochita, nduna ndi akazembe ankayenera kukwera ndege. Mliri wa Covid-19, womwe unapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, unatseka njira imeneyo. Pa 17 Ogasiti chaka chomwecho atsogoleri a SADC anachita msonkhano wawo wa nambala 40 pa intaneti, motsogozedwa ndi Mozambique. Mwezi wotsatira, Lazarus Chakwera, monga mtsogoleri wa dziko, analankhula kumsonkhano waukulu wa United Nations kudzera pakanema wojambuliratu.

Umenewu ndiwo ukazembe wa pa intaneti: maboma kukambirana, kugawana ziwerengero za odwala ndi kupempha thandizo pogwiritsa ntchito makompyuta, mafoni ndi masamba a mchezo. Phindu lake ndi liwiro. Pa 5 Malichi 2021 dziko lino linalandira katemera 360,000 wa AstraZeneca kudzera m'ndondomeko ya COVAX, yomwe inakhazikitsidwa nthawi imene maulendo anali oletsedwa.

Anthu a ku Mulanje anaona kufunika kwa liwiroli mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi kudula misewu, kolera ali mkati mosautsa Malawi ndi Mozambique yemwe. Zithunzi za ngoziyo zinafika kunja mofulumira, ndipo pempho la boma litamveka, maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Zambia anatumiza thandizo.

Komabe njira yomwe imanyamula uthenga wa boma imanyamulanso mabodza. Mphekesera za pa WhatsApp zinaopseza ambiri, moti mu Meyi 2021 unduna wa zaumoyo unawotcha katemera 19,610 yemwe anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito.

Choncho zomwe atsogoleri agwirizana pakompyuta zimapindula pokhapokha zikafika kumudzi kudzera mwa alangizi a zaumoyo, mafumu ndi wailesi, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, kumbali zonse ziwiri za malire. Zikapanda kutero, mliri umawoloka pa Muloza uthenga usanafike.