Khadi ya zithunzi ndi sikirini ziziyendera limodzi

Ambiri a ife tinaphunzira mpira wa FIFA m'timashopu ta magemu pa Mitundu, tikulipira kandalama pa gemu iliyonse. Tsopano ena tikufuna kompyuta yathuyathu, ndipo apa m'pamene ndalama zomwe tasunga movutikira zimatayika.

Khadi ya zithunzi, imene ogulitsa amaitcha graphics card, ndiyo imajambula zonse zomwe timaona. Sikirini imangoonetsa zomwe yapatsidwa. Sikirini ya 1920 x 1080 ili ndi timadontho topitirira 2 miliyoni, pamene ya 4K ili ndi topitirira 8 miliyoni. Choncho pa 4K khadi imagwira ntchito yochuluka kanayi. Tikalumikiza khadi yofooka ku TV yaikulu ya 4K, osewera mpira amathamanga modukizadukiza. Mbali inayi, khadi yodula pa sikirini ya 60Hz ndi kuwononga ndalama, chifukwa sikiriniyo singaonetse zithunzi zopitirira 60 pa sekondi, ngakhale khadi itapanga 140.

Kwathu kuno tisaiwale magetsi. GTX 1650 ya Nvidia imadya pafupifupi mawati 75, pamene RTX 3060 imafuna 170. Kwa amene timadalira batire ya sola ESCOM ikazimitsa, kusiyana kumeneku sikochepa, ndipo ife tingasankhe yaing'onoyo.

Tisanalipire, tiyang'anenso kumbuyo kwa sikirini. Masikirini akale a m'maofesi, omwe amagulitsidwa motchipa ku Lilongwe, ambiri ali ndi VGA yokha, pamene makhadi atsopano amatulutsa HDMI ndi DisplayPort. Popanda kachipangizo kosinthira, sikiriniyo siyaka n'komwe.