Makobidi akale ali ndi msika, koma osawakwecha

Kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1971, koma makobidi a nthawiyo akadali ndi msika. Pa eBay, msika wa pa intaneti womwe unayamba mu 1995, anthu osunga ndalama zakale amapikisana mitengo pofuna peni yobowoka ya Rhodesia ndi Nyasaland kapena sheleni ya 1964 yojambulidwa chimanga.

Komatu khobidi lomwe linayenda m'manja mwa anthu ambiri silidula palokha. N'chifukwa chake ogulitsa amaphatikiza asanu kapena khumi pamulu umodzi, kuopa kuti positi ndi gawo la eBay zingadye phindu lonse.

Chachikulu n'kusawatsuka. Khobidi lokwechedwa ndi phulusa limawala ndithu, koma ogula amaliyesa loonongeka, ndipo mtengo umagwa.