Mano Obelekana mwa Ana: Kodi Mawaya Afunika Liti?

Mwana akafika zaka 6 kapena 7, m'kamwa mwake mumayamba kusintha, ndipo makolo ambili amadzidzimuka ndi zimene aona. Dzino latsopano limela kumbuyo kwa lakale lisanagweluke, kotelo kuti mano a pansi akhala mizele iwili. Ena amela mopingasa, ena aoneka aakulu ngati makasu pa nkhope yaing'ono. Pamenepo uphungu umaculuka pamudzi. Agogo ati musiyeni, adzaongoka okha. Amalume ati zulani limodzi kuti anzake apeze malo. Wacibale wocokela ku Lusaka ati mwanayo afunika mawaya monga amene avala ana a m'tauni.

Onse atatu angathe kunena zoona, koma pa ana osiyana ndi pa misinkhu yosiyana. Nchito ya makolo ndiyo kudziwa kumene mwana wao ali, pakuti kulakwitsa pa nkhaniyi kungatayitse dzino limene silidzamelanso, kapena ndalama za zokolola zimene banja linazikhetsela thukuta.

Mmene mano amelela

Munthu amela mano kawili. A ubwana ali 20, ndipo amakwanila mwana ali ndi zaka ziwili ndi theka kapena zitatu. A ukulu ali 32. Oyamba mwa iwo amatuluka pa zaka 6: ndiwo mano anai otafunila amene amela kumbuyo kweni-kweni, popanda lina kugweluka. Kaamba ka ici makolo ambili amawayesa a ubwana ndi kuwalekelela aole. Mano a kutsogolo amasintha pakati pa zaka 6 ndi 8, otafunila a ubwana amagweluka pakati pa zaka 10 ndi 12, ndipo osongoka a kumwamba amatsika mocedwa, pa zaka 11 kapena 12.

Dzino la ukulu limatuluka ndi msinkhu wake wonse, silikulanso, pamene nsagwada ya mwana ikali kukula. Ndico cifukwa cake mano a mwana wa Giledi 2 aoneka osayenelana ndi nkhope yake.

Kupanikizana kweni-kweni kumabwela pamene malo a m'nsagwada acepela mano. Kawili-kawili ndi za kumtundu: kukula kwa mano ndi kwa nsagwada kumatsata makolo. Koma zina zimayambila pakhomo. Dzino lotafunila la ubwana ndilo limasungila malo dzino la ukulu limene lili pansi pake. Likaola ndi kuzulidwa mwana ali ndi zaka 5 kapena 6, la kumbuyo limasendela kutsogolo ndi kutseka mpata, ndipo mwini malo pofika apeza pali kale wina. Motelo amela pambali kapena atsekeleka m'fupa. Kuyamwa cala kopitilila zaka 4 kapena 5 kumakankhila mano a kumwamba kunja ndi kusiya mpata polumana. Ana ena amabadwa ndi dzino loonjezela limene limachinga njila ya linzake.

Zimene zimatha zokha

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa zinthu zingapo mau a agogo aja ali oona. Dzino la pansi limene lamela kumbuyo kwa la ubwana nthawi zambili limakankhidwa ndi lilime kufikila lifika pamzele, lakale likangogweluka. Ngati lakalelo likhalabe lolimba kwa miyezi ingapo, wa mano ku cipatala amalicotsa, ndipo nkhani ithela pomwepo.

Mpata wa pakati pa mano awili a kumwamba, umene umaoneka pa zaka 8 kufika 10, kawili-kawili umatsekeka pamene mano osongoka atsika ndi kukankha anzao. Ukatsala, suli matenda, ndipo kwa anthu ambili kuno ndiwo kukongola kumene. Kupanikizana kwapang'ono nako kumacepa, cifukwa mano otafunila a ubwana ali otakata kuposa amene alowa m'malo mwao, motelo akagweluka amasiya kamalo koonjezela.

Zimene siziyenela kudikila

Pali zizindikilo zina zimene zifuna kuti mwana aonedwe msanga. Coyamba ndi dzino la kumwamba limene liluma kumbuyo kwa la pansi, pakuti limapelepesa linzake ndi kuononga nkhama zake. Caciwili ndi cibwano cimene cipendekela mbali imodzi mwana akatseka pakamwa. Cacitatu ndi dzino la kutsogolo limene silinatuluke papita miyezi 6 linzake la mbali ina litamela. Cacinai ndi dzino losongoka la kumwamba limene silimveka ngati kacotupa kolimba pa nkhama mwana atafika zaka 10 kapena 11. Lingakhale litasocela m'fupa, kumene lingadye mizu ya anzake mwakacetecete, ndipo cithunzi ca X-ray ndico cimaonetsa kumene lili. Cacisanu ndi mano a kumwamba otulukila kunja kwambili kotelo kuti milomo silumana, cifukwa otelo ndiwo amathyoka mwana akagwa pa njinga kapena pa mpila.

Bungwe la akatswili oongola mano ku America limalangiza kuti mwana aonedwe koyamba asanapitilile zaka 7. Kuonedwa sikutanthauza kuyamba cithandizo. Ana ambili pa msinkhu umenewu amauzidwa kubwelanso patapita caka.

Njila zimene zilipo

Luso loongola mano linakhazikika ndi dotolo wa ku America, Edward Angle, amene mu 1899 anagawa kulumana kolakwika m'magulu atatu: pamene nsagwada zilingana koma mano ndiwo apanikizana, pamene a kumwamba ali patsogolo kwambili, ndi pamene a pansi ndiwo atsogola. Madotolo akali kugwilitsa nchito magulu amenewa, ndipo gulu la mwana ndilo limaloza njila yoyenela.

Njila zonse zimadalila cinthu cimodzi. Dzino silinakhomeledwe m'fupa ngati msomali. Limagwilidwa ndi timinyewa tating'ono tozungulila muzu. Likakankhidwa pang'ono-pang'ono kosalekeza, fupa limasungunuka kumene dzino lipita ndi kumangikanso kumene licokela. Limayenda pafupi-fupi milimita imodzi pa mwezi, ndipo palibe mankhwala akumwa kapena opaka amene angafulumize ulendowo.

Njila yochipa koposa ndi kacitsulo kosungila malo, kamene kamaikidwa pamene dzino la ubwana lazulidwa nthawi isanakwane. Kamaletsa la kumbuyo kusendela kufikila la ukulu litatuluka.

Yaciwili ndi kuzula mano ena mwa dongosolo. Apa ndipo pali coonadi ca amalume aja, koma dzino lozula ndi nthawi yake asankha ndi dotolo, ataona cithunzi. Nthawi zina kucotsa dzino losongoka la ubwana pa zaka 10 kufika 13 kumathandiza la ukulu losocela kupeza njila. Kuzula dzino la ukulu la kutsogolo cifukwa cabe cakuti laima moipa kumapendeketsa mzele wonse, ndipo mpatawo sutsekeka bwino.

Yacitatu ndi kambale ka pulasitiki kokhala ndi tiwaya, kamene mwana amavala ndi kuvula. Kamakwanitsa nchito zazing'ono, monga kukankhila kutsogolo dzino limodzi loluma kumbuyo kapena kutakasa nsagwada ya kumwamba, ndipo nthawi zambili miyezi 6 kufika 9 imakwana. Mtundu wina, wochedwa Twin Block, umene William Clark wa ku Scotland anapanga mu 1977, umagwila nsagwada ya pansi kuti ikhale patsogolo, ndipo umathandiza ana a mano otulukila kunja pa nthawi imene akula msanga, pa zaka 11 kufika 14. Vuto la tonseti ndi lakuti tikakhala m'thumba la yunifomu sitigwila nchito.

Yacinai ndi mawaya omamatiza, amene pa Cingelezi amati braces. Pa dzino lililonse amamatapo kacitsulo, ndipo waya wopyola m'tizitsulomo ndiwo ukoka mano. Iyi ndiyo njila imene itha kuzungulitsa dzino ndi kusuntha muzu womwe, motelo ndiyo ya mano opanikizana kwambili. Imayamba mano a ukulu atakwanila, pa zaka 12 kapena 13, ndipo imatenga miyezi 18 kufika 24, nthawi zina kupitilila. Malo akacepa kwambili, dotolo amayamba wacotsa mano awili kapena anai a m'mbali.

Yacisanu ndi zovala za pulasitiki zoonekela mkati, monga za Invisalign, zimene zinayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Sizioneka patali, koma ziyenela kukhala m'kamwa maola 20 kufika 22 pa tsiku, mtengo wake uli wokwela, ndipo siziposa mawaya pa mano obelekana kwambili.

Kuyamba msanga kapena kudikila

Mwambi uti kuongola mtengo mpoyamba, ndipo makolo ena amaganiza kuti mwana akayamba ali wamng'ono zonse zidzatha msanga. Pa mano sizili telo nthawi zonse. Mu 2018 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kupenda zofufuza za madotolo, linayelekeza ana a mano otulukila kunja amene anathandizidwa kawili, kuyambila pa zaka 7 kufika 11, ndi amene anadikila kuthandizidwa kamodzi atasinkhuka. Pothela pake mano a magulu onse awili anaima mofanana. Kusiyana kunali pa kuvulala: mwa oyamba msanga, 19 pa ana 100 alionse anaononga dzino la kutsogolo, pamene mwa odikila anali 30. Tanthauzo lake ndi lakuti kuyamba msanga kuyenela mwana amene mano ake ali pangozi yothyoka, kapena amene anzake amuseka kufikila aopa sukulu. Kwa ena onse, kudikila kumapulumutsa ndalama ndi maulendo popanda kutaya kanthu.

Kuwelengela ulendo wonse

Kwa banja la kumudzi, funso lalikulu sili la mtengo wa tsiku loyamba cabe. Mawaya afuna kukonzedwa pa milungu 4 kufika 8 iliyonse. Akatswili a nchitoyi m'Zambia ali ocepa, ndipo ambili apezeka mu Lusaka ndi ku Copperbelt. Kucokela ku Chipata kufika ku Lusaka pa mseu wa Great East pali makilomita pafupi-fupi 570. Mwana woonedwa pa milungu 6 iliyonse kwa zaka ziwili adzayenda maulendo 17, uliwonse ndi wamkulu womupelekeza, m'nyengo ya dzinja ndi ya mayeso yomwe. Kacitsulo kakamatuka kapena waya akalasa tsaya, pafunika ulendo wina wosayembekezeka.

Mawaya osiyidwa pakati ali oipa kuposa kusayamba. Zakudya zimakanilila m'tizitsulo, ndipo mwana amene satsuka bwino amatsala ndi mawanga oyela amene ali ciyambi ca kuola, pamodzi ndi nkhama zotupa. Ngati mano ena anazulidwa kale, mipata imatsala yosatseka. Wovala mawaya ayenelanso kusiya nzimbe, cimanga cokazinga ndi masiwiti. Ndipo atacotsa mawaya nchito sinathe: mano amafuna kubwelela kumene anacokela, motelo pafunika cogwilila ca usiku kapena kawaya komata kumbuyo kwa mano, kwa zaka zambili.

Cotelo makolo asanavomele ayenela kufunsa dotolo mafunso awa: cidzacitika n'ciani mwana akasiyidwa mmene alili, kodi pali njila yaifupi yokonza cokhaco cimene cili coopsa, maulendo adzakhala angati, mtengo wonse pamodzi ndi zithunzi ndi cogwilila uli wotani, ndipo adzathandiza ndani pafupi waya akathyoka. Ayenela kufunsanso mwana mwini wake, pakuti ndiye adzatsuka ndi kupilila kuwawa kwa masiku oyamba. Mano opotoka pang'ono amene atafuna bwino, atsukika bwino ndipo samudetsa nkhawa mwanayo angathe kusiyidwa. Angathenso kuongoledwa iye atakula, cifukwa mano amasuntha pa msinkhu uliwonse ngati nkhama zili zamoyo.

Pali cenjezo limodzi lalikulu. Kumanga mano ndi kamphila kapena ulusi kuti mpata utseke kwagwetsa mano a ana m'maiko ambili: kamphilako kamatsetseleka kulowa pansi pa nkhama, kumene sikaoneka, ndipo kamadula zogwila muzu kufikila dzino ligwedela ndi kugwa. Mawaya ogula pa intaneti kapena oikidwa ndi munthu wosaphunzila ali ndi ngozi yofanana. Wogwila nchito ya mano aliyense ayenela kukhala wolembedwa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia, ndipo kholo lili ndi ufulu wofunsa.

Poyambila pali pafupi

Cithandizo cacikulu sicifuna ulendo wa ku Lusaka. Othandiza a mano ophunzitsidwa ku Dental Training School mu Lusaka amagwila nchito m'zipatala za m'maboma, ndipo atha kumata dzino lobooka, kucotsa la ubwana lokanilila, ndi kutumiza kwa dotolo wamkulu mwana amene afunikadi kupita. Pakhomo, mwana atsuke mano kawili pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, wamkulu akumuthandiza kufikila zaka 7. Shuga wa mu tiyi, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemela zicepe. Kuyamwa cala kuthe mano a ukulu asanamele, mwa kumunyengelela, osati kumukwapula.

Dzino la ubwana likayamba kubooka, lipite kukamatidwa lisanafike pozulidwa, ngakhale anthu anene kuti lidzagwa kale. Dzino limenelo ndilo mlonda wa malo a linzake, ndipo likakhala pamalo pake kufikila zaka 10 kapena 12, banja lingapewe ambili a maulendo 17 aja.